Kalata kwa a Nduna ya Zantchito ndi a Nduna ya Zaumoyo: mlandu ukachedwa, msana suchira

Olemekezeka a Nduna ya Zantchito, a Nduna ya Zaumoyo, ndi a Komishonala oona za chipukuta misozi cha anthu ovulala pantchito,

Ndakulemberani kalata imodzi nonse atatu chifukwa munthu amene ndikufuna kumukambayu amazungulira m'maofesi anu onse, ndipo ofesi iliyonse imangomuona mbali imodzi. Ine ndimagwira ntchito ya mafizo pa chipatala china cha boma, kotero ndimakumana naye akachoka kwa dokotala, asanapite ku leba, kapena akuchokera kwa loya wake. Dandaulo lake ndi limodzi: msana.

Nkhani yanga ndi iyi. Kuti munthu wodwala msana achire kapena alumale sizidalira kukula kwa vuto la fupa lokha ayi. Anthu awiri atha kubwera ndi zithunzi za X-ray zofanana, ululu wofanana, zaka zofanana. Mmodzi pakatha miyezi iwiri wabwerera kumunda. Mnzakeyo pakatha zaka zitatu akuyendabe ndi ndodo, mkazi wake akugulitsa mandasi kuti ana adye. Mukafufuza kusiyana kwawo, nthawi zambiri simukupeza m'fupa. Mukupeza pa ntchito imene ikumudikira akatuluka m'chipatala, pa fodya amene amasuta, pa tulo tosabwera chifukwa cha katapila, ndiponso pa fayilo yake imene yakhala pa tebulo la wina wake osasainidwa. Zinthu zimenezi zambiri zili m'manja mwanu, osati mwa ife ovala zoyera.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linawerenga kuti mu 2020 anthu 619 miliyoni anali ndi ululu wa m'munsi mwa msana, ndipo likuyembekezera kuti pofika 2050 adzakhala 843 miliyoni. Palibe matenda ena amene akulepheretsa anthu kugwira ntchito padziko lapansi kuposa amenewa. Mwa odwala 10 aliwonse, pafupifupi 9 sapezeka ndi nthenda yeniyeni imene dokotala angailoze ndi chala. Akatswiri owerengera matenda amati zinthu zitatu zokha, mtundu wa ntchito, kusuta ndi kunenepa kwambiri, zimabweretsa pafupifupi magawo 4 mwa 10 a kulumala konse kochokera ku msana. Kwathu kuno matendawa sapha msanga ngati malungo, n'chifukwa chake sakhala ndi tsiku lawo lokumbukira kapena galimoto ya pulojekiti. Amangochotsa munthu mmodzimmodzi pantchito mwakachetechete.

Malangizo ambiri okhudza msana analembedwera anthu a kumayiko kumene vuto ndi kukhala pampando tsiku lonse. Amati yendani, thamangani, musamangokhala. Ndikanati ndimuuze zimenezi mayi wa ku Thyolo amene wawerama m'munda wa tiyi kuyambira m'mamawa dengu lili kumsana, bwenzi atandiseka. Wodwala wathu thupi lake silisowa ntchito. Likusowa mpumulo wapakati ndi katundu wa muyezo. Chidebe cha malita 20 chimalemera makilogalamu 20, ndipo mtsikana amayamba kuchisenza mafupa ake asanakhwime, nkhata yokha ndiyo chitetezo. Khasu lathu ndi la mpini waufupi, ndipo mizere ya ekala yonse imaungidwa munthu atapindika pakati. Thumba la simenti kapena la feteleza ndi makilogalamu 50, ndipo anyamata otsitsa katundu amalipidwa potengera matumba, ndiye amene wasenza awiri nthawi imodzi ndiye ngwazi. Belo la fodya limalemera kuposa munthu amene akuligubuduza. Wakabaza wa njinga yakapalasa amakwera chitunda ndi munthu wamkulu kumbuyo, nthawi zina ndi thumba la chimanga pamwamba. Bungwe loona za ntchito padziko lonse la ILO linanena kale mu 1967 kuti mwamuna wamkulu asamanyamule yekha katundu woposa makilogalamu 55. Ife tili ndi lamulo la chitetezo ndi umoyo wa anthu pantchito la 1997, koma ndifunse a Nduna: ndi liti pamene woyendera malo antchito anaimitsa lole pa depoti n'kufunsa kuti munthu mmodzi wasenza matumba angati lero?

M'tauni namo vutoli lilimo mwa mtundu wake. Dalaivala wa thiraki yopita ku Beira kapena ku Dar es Salaam amakhala masiku pampando wonjenjemera. Telala amaweramira makina, mlonda amaima usiku wonse, ndipo bwana wa muofesi mimba ikukula chaka ndi chaka, anthu n'kumamuyamikira kuti zikuyenda. Za kusuta ndinene pang'ono, poti ambiri amaganiza kuti fodya amawononga mapapo okha. Pakati pa mafupa a msana pali timaphiro tofewa timene tilibe mitsempha yakeyake ya magazi mkati. Timaphiroti timadya kuchokera ku timitsempha ting'onoting'ono tozungulira. Fodya amafinya timitsempha timeneti. Wosuta msana wake umakalamba msanga, ndipo akachitidwa opaleshoni yolumikiza mafupa, mafupawo amachedwa kugwirana kapena sagwirana n'komwe. Kaya ndi ndudu ya m'paketi kaya chingambwe chokulunga m'pepala, zotsatira zake n'zimodzi. Koma pa zikwangwani zonse zochenjeza za fodya sindinaonepo mawu akuti msana.

Kwa a Nduna ya Zaumoyo, mbali ina ya kulumala kumeneku imapangidwira m'zipatala momwemo. Wodwala amafika, mzere ndi wautali, wachipatala ali ndi mphindi zochepa. Amalembera Brufen kapena diclofenac, n'kunena kuti mukapume. Mankhwala akatha wodwalayo amakagula ena pa golosale, amamwa miyezi ndi miyezi m'mimba mopanda kanthu, mpaka zilonda za m'mimba kapena impso zimayamba kuvuta. Kugona kumene anauzidwako kumafooketsa minofu yogwira msana, ndipo akadzuka ululu umakhala wochuluka kuposa kale. Kenaka amajambulitsa, wina n'kuyang'ana chithunzi n'kunena kuti, "Bambo, msana wanu unatha." Mawu amenewa ndawaona akulumalitsa anthu kuposa ngozi imene inawabweretsa. Munthu amaleka kuwerama, amaleka kunyamula mwana, amaopa ngakhale kugona ndi mkazi wake. Chikhalirecho kafukufuku wojambula anthu opanda ululu uliwonse anapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa atatu a zaka 20 ali kale ndi zizindikiro za kutha kwa timaphiro tija, ndipo a zaka 80 pafupifupi onse ali nazo. Ndi imvi za mkati basi. Mu Disembala 2023 WHO inatulutsa ndondomeko ya kasamalidwe ka ululu wa msana wokhalitsa: kumufotokozera wodwala bwinobwino, masewera olimbitsa thupi oyenera iye, thandizo la maganizo, ndi mankhwala opha ululu kwa nthawi yochepa. Inaletsa kudalira malamba omanga m'chiuno, kukoka msana ndi makina, ndi mankhwala amphamvu a gulu la morphine. Ndondomekoyi siifuna ndalama zambiri. Ifuna kuti azachipatala a m'ma health centre aphunzitsidwe, ndiponso kuti adziwe msana umene suyenera kudikira: wa munthu amene akuonda, akutuluka thukuta usiku ndipo kumsana kwayamba linunda, poti kwathu kuno TB ya msana si yachilendo, kapena wa munthu amene miyendo ikuchita dzanzi ndipo mkodzo ukungotuluka kapena wakana kutuluka. Ameneyu akamazungulira kwa asing'anga kutemedwa mphini, kapena kwa ife kulandira Panado, mwezi umodzi ungamutayitse miyendo.

Tsopano ndifike pa malamulo, pamene pali mtima wa kalata ino.

Lamulo lathu la chipukuta misozi cha ovulala pantchito ndi la chaka cha 2000. Limati wantchito akalumala kotheratu alandire ndalama za malipiro ake a miyezi 54, ndipo akalumala pang'ono alandire gawo la ndalamazo molingana ndi maperesenti amene dokotala walemba. Lamulo lomweli linakonza zoti pakhale thumba limodzi limene olemba ntchito onse azisonkhamo, kuti wovulala azilipidwa kuchokera m'menemo. Kwa zaka zoposa 20 thumbalo linangokhala papepala, ndipo wolipira anakhalabe bwana mwiniwake kapena kampani yake ya inshulansi. Taganizani zimene zimachitika pamene munthu woyenera kulemba lipoti la ngozi ndi yemweyo amene atulutse ndalama. Chala chikaduka pamakina palibe wokana, magazi aliyense wawaona. Koma msana suoneka. Bwana amati munabwera nawo kuchokera kwanu, kapena munavulala kumunda Loweruka, kapena ndi ukalamba. Ndipo msana wambiri suvulala tsiku limodzi. Umatha pang'onopang'ono ndi matumba a zaka khumi, kotero palibe deti la ngozi loti lilembedwe pa fomu.

Wovulalayo amayamba ulendo. Ku ofesi ya leba amamuuza kuti abwere ndi lipoti la dokotala. Dokotala amati maperesenti salembedwa mpaka zitadziwika kuti kuchira kwafika pamapeto. Wa ngozi ya pamsewu njira yake ndi ina koma mapeto ake ndi omwewo: lipoti la apolisi, lipoti lachipatala, loya, kampani ya inshulansi imene imakana kaye, khoti loona ngati panali kulakwa, kenaka tsiku lina loti awerengere ndalama. Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo m'maofesi mwambiwu umanenedwa ngati chitonthozo. Koma pamene fayilo ikudikira, minofu ya munthu ikufota ndipo malo ake antchito apatsidwa wina.

Choipa kwambiri m'dongosolo limeneli n'chakuti ndalama zimabwera kamodzi, kumapeto, ndipo kuchuluka kwake kumadalira kuti munthuyo akhale akadali wodwala pa tsiku lomuyeza. Tamuika munthu pa malo oti akachira ataya, akadwalabe apindula. Adobadoba amene amazungulira m'mawodi a ovulala kusakira maloya makasitomala amazidziwa bwino zimenezi. Ndamvapo odwala akunena kuti anauzidwa kuti asataye ndodo mpaka mlandu utatha, ndiponso kuti asaoneke akupalasa njinga kapena akulima kuseri kwa nyumba, mwina wa inshulansi angawajambule. Ine ndikumuuza munthu kuti yendani, weramani pang'onopang'ono, yesani kantchito kopepuka. Wina akumuuza kuti mukatero mwadya ndalama zanu. Mukuganiza kuti amvera ndani, pakhomo palibe ufa?

Pano ndisamale, chifukwa mawu angawa ena angawatole n'kumati ovulala onse ndi abodza. Ayi. Onama alipo, koma ndi ochepa, ndipo sachedwa kudziwika. Ambiri ululu wawo ndi weniweni, ndipo umakuladi chifukwa cha kudikirako. Munthu amene chaka chonse ntchito yake ndi kutsimikizira anthu osamukhulupirira kuti akumva kuwawa, maganizo ake onse amakhala pa ululuwo. Sagona bwino, ndipo kusagona kumakulitsa ululu. Amakhala ndi mkwiyo woti anamulakwira, ena amayamba kachasu kuti apeze tulo. Thupi losagwiritsidwa ntchito limauma. Mitsempha yonyamula uthenga wa ululu imazolowera kulira ngakhale bala lenilenilo litapola kalekale. Pofika tsiku la chigamulo, maperesenti amene dokotala akulemba amakhala oona ndithu, koma gawo lina la maperesentiwo lapangidwa ndi njira imene tamuyendetsa.

Izi si maganizo anga okha. Mu 2005 magazini ya zachipatala ya JAMA inasindikiza kafukufuku wophatikiza akafukufuku ena 129 a odwala ochitidwa opaleshoni, ambiri a mafupa ndi msana. Anapeza kuti odwala amene anali ndi nkhani ya chipukuta misozi zotsatira zawo zimakhala zosakhutiritsa kawirikawiri kuposa anzawo opanda mlandu, ndipo kusiyanako kunali kwakukulu. Chitsanzo china ndi cha chigawo cha Saskatchewan ku Canada. Mu Januwale 1995 anasintha lamulo la ngozi za pamsewu: analeka zoti anthu ambiri azisumirana kukhoti pofuna ndalama za ululu, n'kuyamba kulipira msanga chithandizo chachipatala ndi malipiro otayika posayang'ana amene analakwa. Madandaulo a kuvulala khosi anatsika ndi 28 peresenti, ndipo nthawi yoti fayilo itsekedwe inachoka pa masiku 433 kufika pafupifupi 200. A inshulansi padziko lonse amaukonda kafukufuku ameneyu, ndipo pali akatswiri amene anatsutsa kuti kutseka fayilo si kuchira. Mfundo yawo ndi yomveka. Ine chimene ndikutolapo si chakuti ovulala alandidwe ufulu wawo, makamaka m'dziko ngati lathu mmene chipukuta misozi ndicho chokhacho choimira penshoni ya wolumala. Ndikutolapo chakuti thandizo lobwera msanga, popanda kukangana, limachiritsa, ndipo thandizo lochedwa limafika munthu atalumala kale.

Pali mpata wina m'lamulo la zantchito la 2000. Wantchito amene wakwanitsa miyezi 12 ali ndi ufulu wa masabata anayi a tchuthi chodwala pa malipiro onse, ndi masabata asanu ndi atatu pa theka la malipiro. Akatha amenewo, njira zimakhala ziwiri: abwerere ku thumba lomwe lija la makilogalamu 50, kapena achotsedwe pa zifukwa za umoyo. Pakatipa palibe kanthu. Chonsecho n'zodziwika bwino kuti munthu akakhala nthawi yaitali osapita kuntchito, mwayi woti adzabwererenso umacheperachepera mwezi ndi mwezi. Chimene chimamupulumutsa ndi kubwerera msanga koma pa ntchito yopepuka: awerenge matumba m'malo mosenza, agwire theka la tsiku, akhale pageti kwa miyezi iwiri. Ife timalemba kakalata kopempha zimenezi, ndipo mabwana ena amtima wabwino amamva. Ena amati pano si pachipatala. Kakalatako kalibe mano, ndipo manowo ndinu a Nduna ya Zantchito amene mungakapatse.

Ndipo onsewa ndi amwayi, chifukwa ali ndi bwana wodziwika. Amalawi ambiri ogwira ntchito alibe kalata yolembedwera ntchito. Waganyu amene anagwa ndi thumba potsitsa katundu sadziwa ngakhale dzina la mwini lole. Mlimi, wakabaza wa njinga yakeyake, mayi wophwanya miyala m'mbali mwa msewu, lamulo la chipukuta misozi la 2000 silinalembedwere iwo. Msana ukawakana, chimene chatsala ndi kudikira ngati dzina lawo lidzalowe mu Mtukula Pakhomo.

Ndisamalize osanena za amene mtsempha waukulu wa msana unaduka. Njinga zamoto za kabaza zachuluka m'misewu yathu, ndipo zambiri zilibe inshulansi imene lamulo la pamsewu limalamula, kotero wovulala alibe womusumira kupatula mnyamata amene nayenso wagona bedi loyandikana nalo. Ena amagwa mumtengo wa mango, ena khoma limawagwera nthawi ya mvula. Anthu achifundo amamunyamula wina miyendo wina manja n'kumupinda kumbuyo kwa galimoto, ndipo fupa limene linangosweka limamaliza kudula mtsempha panjira. Kuphunzitsa apolisi apamsewu, madalaivala a minibasi ndi magulu a kabaza kanyamulidwe ka munthu wovulala msana, atagonekedwa chowongoka pa thabwa kapena chitseko, ndi ntchito ya tsiku limodzi. Tikuyamika kuti ku Lilongwe kunatsegulidwa chipatala cha mafupa ndi ubongo cha LION pafupi ndi Kamuzu Central, ndipo ku Blantyre kuli Kachere kumene anthu otere amaphunzira kukhalanso moyo. Koma akatuluka amabwerera kumudzi kukagona pamphasa. Chimawapha si msana. Ndi zilonda za pamatako zobwera chifukwa chosatembenuzidwa, ndi matenda a m'chikhodzodzo chifukwa chosowa machubu aukhondo. Lamulo latsopano la anthu aulumali la 2024, limene linasintha bungwe loona za anthu aulumali la MACOHA kukhala MACODA, lili ndi mawu abwino. Mawuwo adzayesedwa ndi zinthu zazing'ono: matiresi, khushoni ya pa njinga ya olumala, machubu a mkodzo pa health centre, ndi munthu wa mafizo wofika pakhomo. Sukulu ya udokotala ku Blantyre, imene lero ili pansi pa yunivesite ya zaumoyo ya KUHeS, inayamba kuphunzitsa digiri ya mafizo mu 2010. Achinyamatawo amamaliza chaka ndi chaka, ndipo ena amakhala pakhomo kudikira kuti boma liwalembe, pamene chipatala cha boma lonse chili ndi munthu mmodzi kapena awiri oona ntchitoyi.

Pempho langa lalikulu ndi loti chithandizo chachipatala ndi gawo la malipiro ziziyamba kutuluka m'masabata oyambirira munthu akavulala, mkangano wa maperesenti uzibwera pambuyo. Zimenezi zingatheke pokhapokha ndalama zikamachokera ku thumba la onse limene lamulo linalonjeza, osati m'thumba la bwana amene akukana mlandu. Msana wotha ndi ntchito ya zaka zambiri uvomerezedwe ngati kuvulala pantchito, ndipo kalata ya dokotala yopempha ntchito yopepuka ikhale yoti bwana sangaiponye m'dirowa. Madokotala ndi ma clinical officer olemba maperesenti apatsidwe muyezo umodzi, chifukwa lero msana womwewo ungalembedwe mosiyana malinga ndi amene wagwira cholembera. Za adobadoba m'mawodi, a bungwe la maloya la Malawi Law Society ndi oyang'anira zipatala akuzidziwa. Chatsala n'kuchitapo kanthu.

Kwa inu a Komishonala ndili ndi pempho limodzi losafuna lamulo latsopano kapena ndalama za mabungwe akunja. Chaka chilichonse muzitulutsa poyera, m'nyuzipepala ndi pa wailesi, chiwerengero cha mafayilo a ovulala pantchito amene mwalandira boma lililonse, angati mwa iwo ndi a msana, angati alipidwa, ndiponso kuti kuchokera tsiku la ngozi kufika tsiku lolandira ndalama papita miyezi ingati. Ife a mafizo tidzaika pambali pake chiwerengero chathu cha amene anabwerera kuntchito ndi amene sanabwerere, kuti aphungu a Nyumba ya Malamulo akamadzakambirana zokonzanso lamuloli adzakhale ndi mapepala onse awiri patsogolo pawo.

Ine wanu,

Wogwira ntchito ya mafizo pa chipatala china cha boma